Umeya kapena uphungu wa ku Augusta: kodi Mayi Dhalac anakwera, kapena ife tinangowataya?

Mchemwali_wa_shifiti analemba:

Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga chete zimene mumalemba pano, koma lero ndati nanenso ndifunseko, chifukwa nkhaniyi tinakangana nayo ndi mnzanga wa kuntchito usiku wonse mpaka shifiti inatha tisanamvane.

Ine ndimakhala ku South Portland, kuno ku Maine, ndipo ntchito yanga ndi yosamalira okalamba. Ndinafika mumzinda uno Mayi Deqa Dhalac atangolowa kumene ukhansala. Kwa amene simukuwadziwa, ndi mayi wobadwira ku Mogadishu, anakhalako ku Atlanta, kenako anasamukira ku Maine mu 2005. Mpando wa khansala anaupambana pa chisankho chapadera mu Disembala 2018, ndipo mu Disembala 2021 makhansala anzawo anawasankha kukhala meya. Nyuzi zinalemba kuti ndi munthu woyamba wochokera ku Somalia kukhala meya mu America monse. Sabata imeneyo foni yanga sinapume, anthu a ku Texas ndi ku Indiana akundifunsa ngati ndimawadziwa, ngati kuti timadyera mbale imodzi. Chisanathe n'komwe chaka cha umeyacho, mu Novembala 2022, anapambana uphungu wa nyumba ya malamulo ya boma la Maine, imene ili ku Augusta, ndipo mu 2024 anthu anawabwezeranso komweko.

Tsono chimene chikundivuta ndi ichi. Mu 2022 malendi anachita kulumpha. Ku Redbank Village, dera lina la konkuno ku South Portland, kumene kumakhala mabanja ambiri olandira zochepa, anthu analandira makalata okweza lendi ndi madola mahandiredi pa mwezi. Ine sindikhala kumeneko, koma nanenso landilodi wanga anandikankhira kalata pansi pa chitseko. Ndinaipinda kanayi n'kuiika m'chikwama, ndipo ndinayenda nayo sabata yathunthu osauza ngakhale mwana wanga. Tsiku lina ndinapita ku msonkhano wa khonsolo ndili mu yunifomu ya kuntchito, nsapato zikununkhabe mankhwala okolopera. Sindinalankhule. Ndinakhala kumbuyo, kalata ili m'manja, ndikuyang'ana mayi wovala mpango kumutu atakhala pampando wa pakati akuyendetsa msonkhano, akuitana anthu mmodzimmodzi kuti akalankhule. Azungu akuluakulu a matayi ankadikira kuti awapatse mpata. Sindingathe kukufotokozerani bwino zimene ndinamva mumtima, koma pobwerera ndinali ndikuimba ndekha m'galimoto.

Chaka chomwecho khonsolo inaika lamulo la pangozi loletsa kutulutsa anthu m'nyumba kwa miyezi ingapo ndi loti lendi isakwere kupitirira 10 peresenti. Lamulolo linali la eni nyumba zambiri. Wanga ali ndi zochepa, ndiye ine silinandikhudze, ndinalipira basi. Komabe ndinaona ndi maso anga kuti anthu akadandaula Lachiwiri, pakutha pa masabata ochepa chinthu chimatha kusintha.

Kuchokera pamene anapita ku Augusta, ine sindikudziwanso kuti dandaulo ngati limeneli ndingalitengere kuti. Mnzanga akuti ndine mbuli, uphungu ndi waukulu kuposa umeya, ndiye ndiyenera kusangalala kuti munthu wathu anakwera. Ine ndikuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kumene kuja anali mmodzi mwa anthu asanu ndi awiri, uku ndi mmodzi mwa chikhamu. Nanga mawu amodzi angamveke bwanji pamenepo? Amene mumazitsata bwino za ndale za kuno, tandimasulireni. Kodi munthu akachoka ku khonsolo n'kupita ku nyumba ya malamulo ya boma, amakhala wapeza mphamvu kapena wangopeza dzina?

Kalaliki_207 anayankha:

Achemwali, funso lanu ndi labwino koma layambira pa chinthu chimene ambirife chinatisokoneza: mawu akuti meya. Tikamva meya timaganiza za munthu amene ali ndi makiyi a mzinda wonse. Ku South Portland sizili choncho. Makhansala alipo asanu ndi awiri, ndipo chaka chilichonse amasankha mmodzi mwa iwo kuti akhale meya kwa chaka chimodzi. Ntchito yake ndi kuyendetsa misonkhano, kuimira mzinda pa zochitika, kudula maliboni. Voti yake ndi imodzi ngati ya khansala wina aliyense. Amene amayendetsa mzinda tsiku ndi tsiku, kulemba anthu ntchito, kukonza bajeti yoti makhansala akambirane, ndi manijala wa mzinda, munthu wolembedwa ntchito ndi khonsolo, osati wosankhidwa ndi anthu. Ndiye mpando umene munauona uja, ngakhale akanapanda kupita ku Augusta, akanausiyabe mu Disembala 2022. Chaka chinali chitatha.

Tsopano za chikhamucho. Nyumba ya malamulo ya Maine ili ndi zipinda ziwiri: aphungu 151 ndi masenata 35, onse amasankhidwa zaka ziwiri zilizonse. Boma lonse lili ndi anthu pafupifupi 1.4 miliyoni, choncho phungu mmodzi amaimira anthu cha m'ma 9,000. Onani chodabwitsa chake: South Portland ili ndi anthu oposa 26,000. Kunena kwina, ali meya ankalankhulira mzinda wonse, pamene ali phungu akuimira kachigawo chabe ka mzindawo. Pa chiwerengero cha anthu, anatsika.

Koma musawerenge mitu ya anthu, werengani kumene ndalama ndi malamulo zikuchokera. Khonsolo imagwira ntchito mkati mwa mpanda umene Augusta inamanga. Thandizo lija la General Assistance, limene ambiri ongofika kumene amalipirira lendi ndi chakudya, amapereka ndi mzinda, koma boma la Maine limabwezera mzindawo 70 peresenti. Aphungu akati atsitse nambala imeneyo, khansala ngakhale akhale wa mtima wabwino chotani adzangogwira m'chiuno. Sukulu n'chimodzimodzi: lamulo limati boma lizilipira 55 peresenti ya ndalama zoyendetsera maphunziro, ndipo zinatenga zaka zambirimbiri kuti zitheke, mpaka 2021. Chakudya chaulere cha ana onse kusukulu, chimene mwana wanu amadya, sanachivomereze ndi makhansala, chinachokera ku Augusta.

Pa nkhani ya nyumba yomweyo imene inakupwetekani, mu 2022 nyumba ya malamulo inavomereza bilu yotchedwa LD 2003, imene inakakamiza mizinda ndi matauni kulola kuti pa puloti imodzi pamangidwe nyumba zoposa imodzi, kuphatikizapo kanyumba kakang'ono kumbuyo kwa nyumba yaikulu. Matauni ambiri ankakana zimenezi kwa zaka, aliyense akuti mangani kwina osati pafupi ndi ine. Augusta itanena, onse anayenera kusintha malamulo awo. Lamulo la 10 peresenti lija limathera pa malire a South Portland. Mukawoloka kupita ku Scarborough mulibe. La ku Augusta limafika mpaka ku Fort Kent, kumpoto kwenikweni kwa Maine.

Ndipo musaganize kuti ntchito imachitikira m'chipinda chachikulu chija cha anthu 151. Kumene kuja amangomalizitsa. Bilu iliyonse imayamba yapita ku komiti, ndipo komiti zambiri zimakhala ndi anthu 13, masenata atatu ndi aphungu khumi. Pamenepo ndi pamene mawu amasinthidwa, ndime zimachotsedwa, bilu imafa kapena kupulumuka. Munthu amene anakhalapo khansala amafika pa tebulo limenelo akudziwa kale kuti lamulo likatsika limafika bwanji pansi: ndani adzalipire, ofesi iti ilibe anthu okwanira, msonkho wa nyumba udzakwera bwanji. Aphungu ena amaziphunzira zimenezi ali kale pampando.

Ndiye kuyankha mwachidule: mphamvu yothandiza inu nokha pa sabata ino inachepa. Mphamvu yokhudza pepala lanu la malipiro inakula.

Dalaivala_wa_usiku anayankha:

A Kalaliki mwayankhula ngati buku, ndipo palibe pamene mwanama. Koma pali zina zimene buku silinena.

Choyamba ndi ndalama. Uphungu wa ku Maine si ntchito ya chaka chonse. Chaka choyamba amakumana kuyambira Disembala mpaka cha pakati pa Juni, chaka chachiwiri kuyambira Janyuwale mpaka Epulo. Pamene Mayi Dhalac ankalowa, malipiro a zaka ziwiri zonse pamodzi sankafika n'komwe $30,000. Anawakweza kuyambira mu Disembala 2024 kufika $25,000 chaka choyamba ndi $20,000 chachiwiri. Ine ndi galimoto yangayi ndimaposa pamenepo. Tsono ndiuzeni, ndi bwana uti amene angakulole kusowa masiku atatu kapena anayi pa sabata kwa miyezi isanu ndi umodzi? N'chifukwa chake mukayang'ana m'nyumba ija mumapeza opuma pantchito, maloya, a bizinesi zawozawo, ndi amene mkazi kapena mwamuna wawo amalandira bwino. Munthu wa shifiti ngati inu achemwali, ngakhale mutakhala ndi nzeru zotani, mungafe ndi njala musanamalize teremu. Ndipo Maine ili bwinoko. Tawolokani mlatho kupita ku New Hampshire: aphungu 400, malipiro $100 pa chaka. Pa chaka, osati pa tsiku.

Chachiwiri ndi chipani. Ku khonsolo ya South Portland, pa pepala lovotera salemba chipani cha munthu. Khansala amatha kugwirizana ndi uyu lero, mawa ndi uja, malinga ndi nkhani. Ku Augusta umalowa utavala malaya. Mayi Dhalac ndi a Democrat, ndipo pa nkhani zikuluzikulu ngati bajeti, chipani chimakhala chitakambirana kale kuseri chisanalowe m'chipinda. Phungu watsopano amakhala ndi mawu ochepa pamenepo. Amene amagawa anthu m'makomiti ndi Sipikala. Sindikunena kuti munthu amasiya kuganiza, koma ufulu umene anali nawo pa tebulo la anthu asanu ndi awiri sangaupezenso.

Chachitatu, nthawi ndi yowerengeka. Kuyambira pa referendamu ya 1993, phungu wa ku Maine saloledwa kupitirira materemu anayi otsatizana m'chipinda chimodzi. Zaka zisanu ndi zitatu, basi. Ukamayamba kudziwa kuti chitseko ichi chimatsegukira kuti, nthawi yako yatsala pang'ono. Amene amatsala ndi chidziwitso chonse ndi alembi a m'maofesi ndi anthu olipidwa ndi makampani kuti azinong'oneza aphungu m'makonde. Ochenjera amangodumpha chipinda. Akuluakulu a kuno amakumbukira John Martin wa ku Eagle Lake, amene anakhala Sipikala kuyambira 1975 mpaka 1994. Lamulo la materemu linabwera anthu ambiri akuganiza za iyeyo, koma mkuluyo anabwereranso, n'kumasinthasintha pakati pa zipinda ziwirizo kwa zaka zina zambiri. Lamulo silikaniza kutero.

Ndiye ine ndili kumbali yanu pang'ono, achemwali. Tikamaombera m'manja kuti wathu wakwera, tizikumbukira kuti makwerero amenewa sathera pamenepo. Wa khonsolo amayang'ana ku Augusta, wa ku Augusta amayang'ana ku Senate, wa ku Senate amayang'ana ku Washington. Sindikuwanena mayiwa, mtima wawo sindinauone. Ndikunena mmene makwerero amakhalira. Ndipo alipo amene anasankha kukhala pansi: Pious Ali, wochokera ku Ghana, analowa mu bodi ya sukulu ku Portland mu 2013, n'kupita ku khonsolo ya mzindawo mu 2016, ndipo anakhalitsa kumeneko. Anthu amadziwa kumene angamupeze.

Kalaliki_207 anayankha:

Achimwene, pa malipiro ndikuvomereza. Koma pa zolowera mwasiya mbali yabwino. Kuti dzina lako lilowe pa chisankho cha chipulula cha uphungu, umangofunika masiginecha 25 a anthu a chipani chako a m'dera lako. Ndipo Maine ili ndi lamulo la Clean Election, limene anthu anavomereza mu 1996: ukapeza anthu 60 a m'dera lako oti aliyense apereke $5, boma limakupatsa ndalama za kampeni, iwe n'kulonjeza kuti sulandira za makampani ndi anthu olemera. M'dera la anthu 9,000 umatha kugogoda pafupifupi khomo lililonse ndi miyendo yako. Zofunika zina ndi zaka 21 zakubadwa ndi kukhala nzika ya America kwa zaka zisanu. Chitseko cholowera n'chotsika. Chovuta ndi kukhalamo osafa ndi njala, monga mwanenera.

Wakale_wa_ku_Lewiston anayankha:

Ana anga, ndawerenga zonse. Ine ndine wamkulu pang'ono, ndipo ndinali kuno ku Lewiston pamene zinthu zinali zina, ndiye ndiloleni ndibwerere m'mbuyo.

Mabanja a Chisomali anayamba kufika mu mzinda uno mu 2001, ambiri akuchokera cha ku Atlanta, atamva kuti kuli nyumba zotsika mtengo ndi bata. Mafakitale a nsalu anali atatseka kalekale, nyumba zambiri za m'tauni zinali zopanda anthu. Mu Okutobala 2002, meya wa nthawi imeneyo, Laurier Raymond, analemba kalata yapoyera yopempha Asomali kuti auze abale awo asiye kubwera, ati mzinda watopa. Kalata imeneyo inamveka dziko lonse. Mu Janyuwale 2003 kagulu ka azungu odana ndi anthu akuda kanabwera kudzachita msonkhano kuno, ndipo tsiku lomwelo anthu pafupifupi 4,000 anasonkhana ku Bates College kukana zimenezo. Ndinalipo. Kunkazizira koti makutu ankachita kuwawa ngati akudulidwa, ndinali nditavala majekete awiri ndi sokosi m'manja chifukwa magolovesi ndinalibe. Sindine Msomali, koma pa msewu palibe ankafunsa pasipoti, khungu linkayankha lokha.

Nthawi imeneyo, zonse zokhudza ife zinkakambidwa ife tili panja. Ankatikambirana ku khonsolo, ankatikambirana ku Augusta, ife n'kumazimva m'nyuzi mawa lake. Ndiye inu mukamafunsa ngati mawu amodzi mwa 151 ali ndi phindu, ine ndimakumbukira nthawi imene analipo ziro.

Pa 7 Disembala 2022, tsiku limene nyumba yatsopano inalumbira, analowa awiri: Mayi Dhalac, ndi Mana Abdi wa kuno ku Lewiston, mtsikana amene anakulira m'sukulu za konkuno. Zaka makumi awiri zokha chilembedwere kalata ija. Tsiku lomwelo aphungu anasankha Rachel Talbot Ross kukhala Sipikala, munthu wakuda woyamba pampando umenewo. Bambo ake, Gerald Talbot, ndi amene anali munthu wakuda woyamba kusankhidwa kukhala phungu ku Maine, mu 1972. Werengani nokha: kuchokera kwa bambo kufika kwa mwana, zaka 50. Zinthu za kuno zimayenda ngati kamba, koma ndinakhala ndi moyo mpaka kuziona.

Tsopano pa funso lakuti anachitako chiyani kumeneko. Chimene ine ndinachitsata ndi bilu ya mu 2024 yokhazikitsa Office of New Americans, ofesi ya boma yoyang'ana za anthu obwera kumene, makamaka za ntchito, Chingerezi ndi mapepala a maphunziro. Bwanamkubwa Janet Mills ndi amene anayambitsa ganizolo mu 2023, ndipo amene anainyamula biluyo m'nyumba ya malamulo anali Mayi Dhalac. Panali phokoso lalikulu, ena akuti ndalama zipite kaye kwa asilikali opuma ndi okalamba a konkuno. Pamapeto pake ofesiyo inakhazikitsidwa. Ndi kaofesi kakang'ono, musayembekezere zozizwitsa. Koma inu achemwali mukuwadziwa anamwino ndi madokotala a ku Congo ndi ku Angola amene mumasinthana nawo shifiti yosambitsa okalamba chifukwa mapepala awo sakuvomerezedwa. Nkhani ya ziphaso za ntchito si ya khonsolo ngakhale pang'ono. Khansala angamve chisoni, koma cholembera chili ku Augusta.

Komanso tisawasenzetse katundu amene si wawo. Chimene chimazunza kwambiri anthu othawa kwawo ofuna chitetezo kuno ndi kudikira masiku 180 asanaloledwe kugwira ntchito. Limenelo ndi lamulo la Washington. Mu 2023 aphungu a Maine, a zipani zonse ziwiri, anagwirizana zopempha boma lalikulu kuti lilole anthuwa kuyamba ntchito msanga. Kupempha basi, chifukwa mphamvu yosintha alibe. Ndiye anthu anapitiriza kugona m'mahotela a ku South Portland ndi mu holo ya Portland Expo, manja ali lende, pamene mabwana akulira kuti akusowa antchito. Munthu amene sadziwa kusiyanitsa zitseko zitatuzi, cha mzinda, cha boma la Maine ndi cha Washington, amatha chaka akugogoda pa cholakwika, kenako n'kumati andale onse ndi chimodzimodzi.

A Dalaivala, pa za kutalika kwa Augusta ndikutsutseni pang'ono. Kuno pafupifupi bilu iliyonse imakhala ndi tsiku loti anthu wamba akanene maganizo awo pamaso pa komiti. Sufunika kukhala nzika, sufunika loya. Ine ndinapitako kamodzi pa nkhani ya nyumba. Ndinalemba mawu anga usiku, mdzukulu wanga n'kundikonzera Chingerezi, tinasindikiza makope oti tigawire a komiti. Ndinadikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka chifukwa anthu tinalipo ambiri. Atanditchula dzina, anandipatsa mphindi zitatu, kawotchi kakuwerenga patsogolo panga. Mawondo ankagundana. Ndinawerenga mzere woyamba kawiri osazindikira, ndipo nthawi inatha ndisanafike pa ndime imene ndinkaikonda kwambiri. Koma phungu wina wachizungu wa kumpoto, wa chipani chimene sindichivotera, anandifunsa funso, ndipo ndinaona akulemba yankho langa. Biluyo sinadutse chaka chimenecho. Ine ndinabwerera ndikudziwa kumene chipindacho chili, kumene amaimika galimoto, ndi kuti khomo lake salondera ndi mikondo.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine si amene anapita ku Augusta. Ndi mipando imene imatsala m'mbuyo: bodi ya sukulu, komiti ya mapulani a mzinda, komiti ya nyumba. Yambiri mwa imeneyi amachita kupempha anthu kuti adzaikhale, ndipo ife sitipitako. Kuno Safiya Khalid analowa khonsolo mu 2019 ali ndi zaka 23, anthu a kutali akumutukwana pa Facebook usiku ndi usana. Anagogoda makomo mpaka anapambana. Koma ndi angati ena amene anatsatira?

Dalaivala_wa_usiku anayankha:

Bambo, ndamva ndipo ndagonja pa za 2003, ife tinabwera mphasa itayalidwa kale. Koma tsiku lija munakadikira ku Augusta, ndani anakulipirani? Kuchokera ku South Portland ndi ola lathunthu pa I-295, kupita kokha, kuwonjezera mafuta ndi shifiti yotayika. Msonkhano wa khonsolo umachitika madzulo anthu ataweruka. Wa komiti umachitika dzuwa lili pamutu pakati pa sabata. Si zofanana.

Wakale_wa_ku_Lewiston anayankha:

Palibe anandilipira, mwana wanga, ndipo mukunena zoona. Koma chiyambire mliri uja amalola kulankhula pa Zoom, kapena kungotumiza kalata pa intaneti, imalowa m'mafailo a biluyo aliyense n'kuiona. Mukhoza kutero muli m'galimoto yanu yomweyo mukudikira pasinjala ku bwalo la ndege la Jetport.

Mchemwali_wa_shifiti anayankha:

Zikomo nonse, makamaka inu bambo a ku Lewiston, nkhani ya sokosi m'manja yandiseketsa kenako yandiliza. Za umeya wa chaka chimodzi sindinkazidziwa, ndimayesa anachita kuusiya pakati. Mnzanga uja sindimuuza kuti pamenepo anali ndi mfundo, angandinyadire mwezi wathunthu.

Koma sindinasinthe maganizo kwathunthu. A Kalaliki akuti mphamvu inakula, chabwino. Ine chimene ndinachiona usiku uja wa 2022 sichinali mphamvu yokha. Chinali chakuti ndinatha kulowa m'chipinda ndi yunifomu yanga, n'kukhala mamita ochepa kuchokera pa anthu amene akugamula, n'kumawaona nkhope pamene mayi wina akulira pofotokoza za lendi yake. Pa Zoom sindikudziwa ngati zimenezo zimatheka.

Mwanditchulira pepala la malipiro, ndiye ndapita kukalitenga m'kabati. Kuyambira Janyuwale 2025 pali kamzere katsopano kamene akundidula tindalama pang'ono, ndipo nditafunsa kuntchito anangoti ndi za boma. Mnzanga akuti ndi lamulo la tchuthi cholipidwa limene aphungu anavomereza mu 2023, loti munthu ukadwala, ukabereka kapena ukamadwazika wachibale uzitha kupuma mpaka masabata 12 ukulandirako kanthu, ndipo akuti nthawi yoyambira kulandirako anaiika mu Meyi 2026. Ngati zili zoona ndiye kuti Augusta inalowa kale m'chikwama changa ine ndisakudziwa. A Kalaliki, tandiuzeni: kodi lamulo limeneli limawerengeranso ife amene timagwira ntchito malo awiri, maola ochepa uku ndi ochepa uko? Ndipo wachibale amene akunenedwayo, kodi ayenera kukhala wa m'nyumba mwako momwemo? Ndikufunsa chifukwa mchemwali wanga wamkulu ali ku Worcester, ku Massachusetts, ndipo akudikira opaleshoni ya bondo.